Agile pa ntchito yaikulu: lipoti la pulogalamu yoyezera ndi kulipira masamba a tiyi ku Mulanje

Ntchito yomwe lipotili likufotokoza inali yolemba pulogalamu ya pakompyuta yolondola masamba a tiyi kuyambira pa shedi pomwe mlimi wayezetsa mpaka ndalama zake zitalowa mufoni. Ntchitoyi inkayendetsedwa mwa agile, njira yolembera pulogalamu pang'onopang'ono, kumaonetsa zomwe zatha pafupipafupi n'kumasintha mapulani poona zotsatira. Eni ntchito anali kampani ina yogula masamba kwa alimi ang'onoang'ono a ku Mulanje ndi mbali ina ya Thyolo. Kale zonse zinkayendera mabuku: kalaliki alemba makilogalamu pa shedi, buku lipita kuofesi, wina alowetsa manambalawo mu Excel, ndipo mwezi ukatha alimi ankadikira kuti a maakaunti amalize kuwonkhetsa ndi kudula ngongole ya feteleza. Dandaulo lomwe linkamveka kawirikawiri linali lakuti makilogalamu a pa lisiti la mlimi sakufanana ndi a pa pepala la malipiro.

Pulogalamuyi inali ndi zigawo zinayi zodalirana. Choyamba ndi kaundula wa alimi ndi minda yawo. Chachiwiri ndi pulogalamu ya pa tabuleti yomwe imalandira kulemera kwa thumba kuchokera ku sikelo kudzera pa Bluetooth, ndipo iyenera kugwira ntchito ngakhale netiweki kulibe. Chachitatu ndi cha kufakitale, cholandira malole ndi mathirakitala pa sikelo yaikulu. Chomaliza ndi malipiro, chomwe chimadula ngongole n'kutumiza ndalama pa Airtel Money, TNM Mpamba kapena kubanki. Pamwamba pa zonsezi panafunikanso malipoti a oyendera ziphaso monga za Rainforest Alliance ndi Fairtrade, omwe amafuna kuona m'mabuku kuti masamba awa achokera m'munda wa yani.

Ogwira ntchitoyi anali pafupifupi 30, ena ku Blantyre, ena pa esiteti pomwepo, kuphatikizapo kampani yakunja yomwe inkagulitsa masikelo. Apa ndi pomwe pali gwero la mavuto onse. Scrum, imodzi mwa njira za agile, monga anaikonzera Ken Schwaber ndi Jeff Sutherland, ndi ya gulu limodzi laling'ono, kawirikawiri anthu 10 kapena kucheperapo, lomwe limagwira ntchito m'zigawo za nthawi zotchedwa sprint zosaposa mwezi, n'kumakumana mphindi 15 tsiku lililonse. Anthu 10 ali ndi njira 45 zolankhulana awiriawiri. Anthu 30 ali nazo 435. Palibe msonkhano wa mphindi 15 womwe ungasenze zimenezo.

Mvula ndiye mwini kalendala

Mabuku ambiri a agile amanena kuti pulogalamu izitulutsidwa pafupipafupi, ngakhale tsiku lililonse. Kumunda wa tiyi sizitheka chaka chonse. Mvula ikayamba cha mu Novembala kapena Disembala tiyi amaphuka mwamphamvu, ndipo kufikira cha mu Epulo mashedi amadzaza, fakitale imagwira usana ndi usiku. Masamba akathyoledwa sadikira: akakhalitsa m'thumba amatentha n'kufiira, tiyi wake n'kutsika mtengo. Kalaliki yemwe ali ndi mzere wa anthu kutsogolo kwake mu Januwale sangaphunzire batani latsopano, ndipo tabuleti ikafa kwa ola limodzi lokha, lole inyamuka mochedwa.

Choncho tsiku lomaliza silinali lokambirana. Chilichonse chokhudza kalaliki chinayenera kukhala chitafika pa shedi, anthu ataphunzitsidwa, Okutobala asanathe. Pa zinthu zitatu zomwe zimakokana pa ntchito iliyonse, nthawi, ndalama ndi kuchuluka kwa zoti zipangidwe, chomwe chikanatha kusuntha chinali chachitatu chokha. Dongosolo lonse linawerengedwa chobwerera m'mbuyo kuchokera pa tsikulo: mwezi umodzi wathunthu woyendetsa tabuleti ndi buku limodzi, masabata ophunzitsa makalaliki, masabata oyesera pa mashedi ochepa, ndipo zotsalazo ndiwo ma sprint olembera pulogalamu.

Pali msampha wina pano womwe ambiri sauona. Kuyesera kumachitika mu Juni kapena Julayi, nyengo ya chiperoni, pomwe masamba ndi ochepa ndipo kalaliki ali ndi mpata. Pulogalamu imaoneka ngati yathanzi chifukwa sinasenzepo katundu. Njira yake inali kutenga mabuku akale a mwezi wa Januwale, kusankha tsiku lomwe masamba anachuluka kuposa ena onse, n'kulemba kapulogalamu kotumiza ku seva, kompyuta yaikulu yolandira ndi kusunga zochokera ku matabuleti, zoyeza zochuluka kuwirikiza kawiri tsikulo, zonse m'maola awiri. Zimafika choncho chifukwa matabuleti ambiri amapeza netiweki nthawi imodzi madzulo, makalaliki akamatsika kumapiri.

Kusankha chimango

Mwa zimango, kapena kuti njira zodziwika zokulitsira agile kuti ifikire magulu ambiri, pali zitatu izi. SAFe, yomwe inayambitsidwa ndi Dean Leffingwell mu 2011, imasonkhanitsa magulu mu Agile Release Train ya anthu 50 mpaka 125 ndipo imakonza mapulani a masabata 8 mpaka 12. LeSS ya Craig Larman ndi Bas Vodde imalola magulu ofika 8 kugwira pa backlog imodzi, womwe ndi mndandanda wa ntchito zoti zipangidwe, ndi Product Owner mmodzi, yemwe amasankha zoti ziyambe kupangidwa. Nexus, yomwe Ken Schwaber anatulutsa mu 2015, ndi ya magulu 3 mpaka 9 ndipo ili ndi kagulu kapadera koyang'anira kulumikiza ntchito za magulu onse.

Kwa anthu 30, SAFe yonse inali chovala chachikulu kwambiri. Maudindo ake okha akanadya anthu omwe amayenera kulemba code, malangizo omwe amapanga pulogalamu. Zomwe zinatengedwa ndi izi: backlog imodzi ndi Product Owner mmodzi monga mu LeSS, kagulu kolumikiza monga mu Nexus, ndi msonkhano waukulu wa mapulani wobwerekedwa ku SAFe, wa masiku awiri pakatha ma sprint asanu aliwonse. Magulu onse anayi ankayamba ndi kutsiriza sprint tsiku limodzi, masabata awiriawiri. Dzina la chimango lilibe kanthu kwenikweni. Chomwe chinasiyanitsa miyezi yoyamba ndi yotsatira ndi momwe magulu anagawidwira.

Magulu anagawidwa molakwika poyamba

Poyamba panali gulu la tabuleti, gulu la seva, gulu la malipiro ndi gulu la malipoti. Zinkaoneka zomveka chifukwa aliyense anakhala ndi anzake odziwa zofanana. Sprint iliyonse ikatha magulu onse ankaonetsa zomwe amaliza, ma chart ali bwinobwino, mabwana akuomba m'manja. Koma atafunsa kuti thumba limodzi liyezedwe pa tabuleti n'kulondoledwa mpaka pa pepala la malipiro, silinafike.

Zolakwika zake zinali zing'onozing'ono, ndipo zonse zinali pa mfundo pomwe ntchito ya gulu lina ikumana ndi ya linzake. Tabuleti inkatumiza kulemera m'magalamu. Seva inkasunga m'makilogalamu n'kusiya nambala imodzi pambuyo pa dontho. Gawo la malipiro linkadula zonse za pambuyo pa dontho. Thumba la makilogalamu 23.46 linkachoka pa shedi ngati 23,460, kufika pa seva ngati 23.5, n'kulipidwa ngati 23. Palibe gulu lomwe linalakwitsa malinga ndi zomwe linalemba lokha, koma mlimi woyezetsa kangapo pa sabata akanataya masamba mwezi uliwonse popanda womubera. Chinanso: gawo la kaundula linkazindikira mlimi ndi nambala ya chitupa cha unzika, pomwe gulu la malipiro linkagwiritsa ntchito nambala ya mlimi ya m'mabuku akale a ngongole.

Melvin Conway anazilemba kale mu 1968 kuti makina omwe bungwe lipanga amatengera momwe anthu a m'bungwelo amalankhulirana. Magulu anayi osalankhulana anabala zidutswa zinayi zosalumikizana. Anagawidwanso motsatira ulendo wa tsamba: gulu la kulembetsa ndi kuyeza, gulu la kunyamula ndi kulandira kufakitale, gulu la ngongole ndi malipiro, ndi gulu la maziko lomwe limasamalira ma seva, kutumiza data ndi chitetezo. M'gulu lililonse mwa atatu oyambawo munali wodziwa Android, wodziwa za seva ndi woyesa pulogalamu, kuti ntchito imodzi ithere m'gulu limodzi. Ma sprint awiri otsatira liwiro linatsika kwambiri, ndipo ndi bwino kuwachenjezeratu mabwana za zimenezi, apo ayi amalamula kuti zibwerere mwakale kusintha kusanabale zipatso.

Definition of Done, mgwirizano wa zofunika kukwaniritsa kuti ntchito itchedwe yotha, inalembedwanso. Ntchito siinkatchedwa yotha pokhapokha italowa mu nthambi yaikulu ya code, pomwe ntchito ya magulu onse imaphatikizidwa, mayeso onse atadutsa, ndipo thumba loyeserera litayenda kuchokera pa tabuleti yeniyeni mpaka pa pepala la malipiro pa seva yoyesera. Mayeso a ulendo wonsewu ankathamanga okha usiku uliwonse. Akalephera, kagulu kolumikiza, komwe munali munthu mmodzi wochokera m'gulu lililonse, kankakumana m'mawa magulu asanachite misonkhano yawo, ndipo kukonza cholephera chija kunkadumpha ntchito ina iliyonse. Kulemera kunagwirizanidwa kuti kuzisungidwa m'magalamu paliponse, ndipo kuzungulizidwa kamodzi kokha, powerengera ndalama.

Zomwe agile yokha siikanakonza

Pali zisankho zina zomwe sizingadikire kuti zidzaoneke m'kati mwa ma sprint, chifukwa kuzisintha pambuyo pake n'kugwetsa nyumba. Pa ntchitoyi chachikulu chinali kugwira ntchito popanda netiweki. M'makwalala a m'munsi mwa phiri la Mulanje ndi m'zigwa za ku Thyolo netiweki imabwera n'kuchoka, ndipo namondwe Freddy mu Malichi 2023 anaonetsa kuti misewu, milatho ndi magetsi zitha kuduka kwa masiku. Sprint yoyamba isanayambe panakhala masabata angapo ogwirizana malamulo ochepa a kamangidwe, ndipo anakwana pa masamba awiri a pepala.

Lamulo loyamba linali lakuti choyeza chilichonse chizipatsidwa nambala yakeyake, UUID, pa tabuleti pomwepo. Netiweki ikaduka pakati potumiza, tabuleti siidziwa ngati seva yalandira, ndiye imatumizanso. Popanda nambalayo thumba limodzi limawerengedwa kawiri ndipo mlimi amalipidwa kawiri, kenako mwezi wotsatira n'kumudula, mkangano n'kubuka. Seva ikaona nambala yomwe ili nayo kale imangovomera osalembanso. Lamulo lomwelo linagwira pa malipiro: pempho lotumiza ndalama likapanda kuyankhidwa, pulogalamu imayamba yafunsa ngati ndalama zapita isanayesenso.

Lachiwiri linali lakuti choyeza sichifufutidwa kapena kusinthidwa. Kalaliki akalakwitsa amalemba chokonza, chokhala ndi dzina lake ndi chifukwa, ndipo zonse ziwiri zimaoneka. Lachitatu linali losakhulupirira wotchi ya tabuleti. Batire ikatheratu tsiku limatha kusokonekera, ndipo masamba a pa 31 n'kugwera m'mwezi wina wa malipiro. Seva imasunga nthawi ya tabuleti ndi nthawi yomwe yalandira, ndipo zikasiyana mosamveka choyezacho chimapita kwa munthu kuti achione. Lachinayi linali lakuti seva izimvabe matabuleti omwe atsalira ndi ma version awiri, chifukwa sikutheka kuti onse alandire pulogalamu yatsopano tsiku limodzi.

Zipangizo nazo sizitsatira sprint. Sikelo yogulira malonda imayenera kuyesedwa ndi kudindidwa ndi Malawi Bureau of Standards. Masikelo, matabuleti, timakina tosindikiza malisiti ndi ma sola ochajira zimaitanitsidwa kunja, ndipo ndalama zakunja sizipezeka tsiku lomwe mwazifuna. Aliyense yemwe anali ndi oda ya kunja mu Novembala 2023, pomwe kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, akudziwa zomwe zimachitikira bajeti. Zinthu zoterezi zinaikidwa pa bolodi lapadera lokhala ndi masiku enieni, ndipo masikelo ochepa anagulidwa koyambirira kuti olemba code asamangoyerekeza momwe sikelo imalankhulira. Data yoyesera inali yopeka yokhayokha. Mayina, manambala a foni ndi zitupa za alimi enieni sizinaloledwe pa makompyuta a olemba pulogalamu, ndipo lamulo loteteza data la mu 2024 limapangitsa kuti zimenezi zisakhalenso nkhani ya ulemu chabe.

Product Owner ndi eni mawu ambiri

Backlog imodzi imafuna munthu mmodzi wotha kunena kuti ayi. Pa ntchitoyi ofuna zinthu anali ambiri: mkulu wa fakitale, a maakaunti, alangizi a kumunda, komiti ya alimi, ndi omwe anathandiza ndi ndalama. Poyamba udindo unapatsidwa kwa munthu wa mu ofesi ya IT, wanzeru zake koma wopanda mphamvu zokanira mkulu wa fakitale. Zotsatira zake, aliyense ankangoimbira foni wolemba code yemwe akumudziwa, ntchito n'kulowera pawindo. Udindowo unasamutsidwira kwa woyang'anira ntchito za alimi ang'onoang'ono, munthu wodziwa mashedi onse, ndipo anamuchotsera ntchito zina kuti akhale ndi theka la sabata. Eni mawu onse ankakumana naye ola limodzi pa sabata kusanja zofunika, ndipo chomwe sichinadutse pamenepo sichinkapangidwa.

Mgwirizano wa ndalama unali wa mtengo wokhazikika ndi mndandanda wautali wa zofunika, wolembedwa munthu asanaoneko tabuleti pa shedi. Unasinthidwa pang'ono: malipiro kwa olemba pulogalamu anamangidwa pa zotsatira zooneka, monga shedi yoyamba kulipira mwezi wathunthu kudzera mu pulogalamu, ndipo panawonjezeredwa ndime yakuti chinthu chatsopano chitha kulowa ngati china cha kukula kofanana chatuluka.

Sprint review pa shedi

Kusintha komwe kunabweretsa zambiri pa mtengo wochepa kunali kusamutsa sprint review ina iliyonse yachiwiri, msonkhano woonetsa zomwe zatha sprint ikatha, kuchoka mu ofesi kupita pa shedi. Pa shedi ina cha ku Limbuli, tsiku la mawawa, zinaoneka zinthu zomwe palibe akanazilemba mu backlog. Kalaliki ankagwira matumba onyowa kenako n'kudina tabuleti, ndipo galasi lonyowa silinkamva chala, kapena linkamva pomwe sanadine. Thumba likakolekedwa pa sikelo limayamba lagwedezeka, manambala akukwera n'kutsika, ndipo pulogalamu inkatenga nambala yoyamba kufika. Mayi wina pa mzere anakana lisiti lake, nati sikelo inali isanaime, ndipo ananena zoona. Yankho linali loti pulogalamu izidikira kuti nambala ikhale yosasintha kwa masekondi awiri, mabatani akule, kuyeza kutheke ndi kudina kuwiri kokha, ndipo nambala izioneka ndi zilembo zikuluzikulu moti mlimi aziwerenga yekha ali chilili.

Pomwepo panatulukanso nkhani ya kaundula. Pulogalamu inkaganiza kuti munda umodzi uli ndi mwini mmodzi, yemwe ndiyenso woyezetsa ndi wolandira ndalama. Kuno kwathu ambiri ndi a chikamwini. Munda utha kukhala wa mayi kuchokera kwa makolo ake, dzina la m'buku la ngongole n'kukhala la bambo, wobweretsa masamba n'kukhala mwana kapena waganyu, foni yolandirira ndalama n'kukhala ya mlongo wake. Kaundula anagawidwa kukhala mwini munda, ololedwa kuyezetsa, ndi wolandira malipiro, ndipo kusintha nambala yolandirira ndalama kunafuna mwini wake kufika ndi chitupa pamaso pa mlangizi. Kusinthaku kunadya sprint yathunthu ya magulu awiri. Kukanapezeka mu Disembala sikukanatheka.

Za velocity, kuchuluka kwa ntchito yomwe gulu limamaliza pa sprint, zingotchulidwa mwachidule. Mabwana atayamba kuyerekeza ma story point a magulu, mapointi omwe gulu limaika pa ntchito poganizira kukula kwake, manambala a gulu lililonse anakwera osati chifukwa ntchito yachuluka, koma chifukwa aliyense anayamba kuika mapointi ambiri pa ntchito yomweyo. Kuthamanga sikufika. Lipoti la kwa mabwana linasinthidwa kuti lizionetsa mashedi omwe akuyeza ndi pulogalamu, zoyeza zomwe zakanirira osafika pa seva, ndi kusiyana kwa makilogalamu a pa shedi ndi a kufakitale.

Kulowetsa pulogalamu ndi nyengo ya masamba ambiri

Mashedi sanalowe onse pakamodzi. Anayamba ochepa osankhidwa dala: ina ya netiweki yabwino pafupi ndi Chitakale, ina yopanda netiweki, ina ya kalaliki wachikulire yemwe sanagwirepo tabuleti. Pa shedi iliyonse buku ndi tabuleti zinayenda limodzi mwezi wathunthu wa malipiro, ndipo madzulo aliwonse ziwerengero ziwirizo zinkafananizidwa. Buku linkachotsedwa pokhapokha kusiyana kulikonse kutafotokozedwa. Ngakhale pamenepo buku lopanda kanthu linatsala m'bokosi la shedi, pamodzi ndi njira yolowetsera zolembedwa pamanja tabuleti ikafa.

Kuyambira Disembala mpaka Malichi kagwiridwe kanasintha. Palibe chatsopano chinkapita pa tabuleti ya kalaliki kupatula zokonza zolakwika. Gulu limodzi, mosinthanasinthana, linkasiya ma sprint n'kugwira mwa Kanban, kulandira mavuto ochokera kumashedi, osagwira oposa atatu nthawi imodzi. Magulu enawo anapitiriza ma sprint, koma zatsopano zawo zinkalowa mu code zili zozimitsa ndi feature flag, swichi ya m'pulogalamu yoyatsira kapena kuzimitsira chinthu, kudikira Meyi. Kusiyanitsa kulumikiza code, komwe kunkachitika tsiku lililonse, ndi kuyatsira anthu chinthu chatsopano, komwe kunkadikira nyengo, ndiko kunalola kuti magulu asaime miyezi inayi komanso kuti code isaunjikane m'nthambi zosalumikizidwa.

Nkhani imodzi pulogalamu siinathetse. Masamba akanyowa ndi mvula kampani imadula makilogalamu ena a madzi, ndipo ikafika lole kufakitale kulemera kumakhala kutasiyananso ndi kwa pa shedi. Kuti adule zingati, ndipo kusiyanako akusenze ndani, ndi nkhani ya pakati pa kampani ndi komiti ya alimi, osati ya olemba code. Magulu anakana kubisa lamulo lililonse m'kati mwa code. Chiwerengero chodulira chinaikidwa pamalo pomwe woyang'anira yekha angasinthe, kusintha kulikonse kumalembedwa ndi tsiku lake, ndipo lisiti la mlimi limaonetsa mizere itatu: kulemera konse, zodulidwa za thumba ndi madzi, ndi zotsala zolipidwa. Pamwamba pa backlog ya nyengo yotsatira pali uthenga wa SMS wotumizira mlimi ziwerengero zomwezo sabata iliyonse, ndi njira yoti komiti ya alimi iziona zodulidwa za shedi iliyonse mwezi usanatsekedwe.